Intavyu ya ku Amazon: funso la kutsutsa bwana ndiliyankha bwanji?

Wamapampu, Nchalo: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Mayeso a coding (kulemba mapulogalamu a kompyuta) ndakhoza, ndiye andiitana ku gawo lomaliza la intavyu ya kampani ya Amazon, ofesi ya ku Cape Town. Zichitikira pa vidiyo, anthu anayi kapena asanu motsatizana, aliyense pafupifupi ola. Ma algorithm (njira zothetsera mafunso a coding) sakundiopsa. Chikundisowetsa tulo n'chakuti amafunsa za nthawi imene unatsutsana ndi bwana wako. Ine ndimalemba mapulogalamu oyendetsa mapampu a mthirira, ndipo kuno bwana akalankhula timangoti chabwino bwana. Ndikangonena kuti sindinatsutsepo?

Mayi Injiniya, Ngabu: Mukatero ndiye mwagwa, achimwene. Kampaniyi ili ndi mfundo 16 za utsogoleri, ndipo ofunsawo amagawana mfundozo. Ina imafuna kuti munthu azilimba mtima n'kutsutsa mwaulemu, koma nkhani ikagamulidwa agwire ntchitoyo ndi mtima wonse. Sakufuna wamwano ayi. Simunawauzeko akuluakulu kuti pampu iyi tisayatse lero, madzi a mu Shire adzaza matope? Kutsutsa kwake n'komweko, kungoti inu munayamba ndi "pepani bwana".

Chachiwiri, ife tinaleredwa kuti kudzitchula wekha n'kudzitama, ndiye chilichonse timati tinachita, tinakonza. Iwo adzakudulani pakamwa kuti inuyo munachitapo chiyani. Yalani nkhani chonchi: zinthu zinali bwanji, ntchito yanu inali iti, munatani, zinatha bwanji. Kumapetoko muikepo manambala enieni, maola amene mapampu anaima kapena mahekitala amene anapulumuka.

Wamapampu, Nchalo: Ndiye nkhani yanga ya 2022 ingathandize? Namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira magetsi anachepa, bwana ankafuna tizithirira minda yonse pang'onopang'ono. Ine ndinapempha kuti tiyambe ndi nzimbe zanthete, ndinawaonetsa mawerengero. Anavomera theka lokha.

Mayi Injiniya, Ngabu: Imeneyo! Ndipo theka limene anakanalo musalibise, munene kuti munaligwira bwinobwino osanyinyirika. Mukonze nkhani zisanu kapena zisanu ndi imodzi, chifukwa ofunsawo akamaliza amakhala pansi n'kufananitsa zimene analemba, ndiye kubwereza nkhani imodzi kumaonekera. Mmodzi mwa iwo amamutcha Bar Raiser, sachokera m'gulu lomwe likulemba ntchitolo, ndipo akakana yekhayo zimavuta.

Madala a ma transformer, Bangula: Ana inu mwathamangira mayankho, koma malowo mwawafunsa? Kuyambira Januwale 2025 kampaniyi inalamula antchito ake kuti azipezeka ku ofesi masiku asanu pa sabata. Musalote zogwira ntchito muli pakhonde ku Nchalo, dola ikulowa. N'kusamuka kumeneko, ndiye mufunse msanga ngati chilolezo chogwirira ntchito ku South Africa akuyendetsereni ndi iwo. Mufunsenso za on-call: pulogalamu yanu ikafa 2 koloko usiku, amadzutsa inu amene munailemba. Bwana amangomuitana ndi dzina lake loyamba (ine lilime lingakane), ndipo misonkhano ikuluikulu imayamba ndi kuwerenga chikalata cha masamba sikisi mwakachetechete, PowerPoint sailola. Amene satha kulemba momveka amavutika ngakhale code yake ili yabwino. Koma ofesiyo si yamasewera, EC2, ntchito ya Amazon yobwereketsa makompyuta pa intaneti imene inatuluka mu 2006, inapangidwira komweko.

Wamanetiweki, Nsanje: Aise, ine zanga ndi za tsikulo. Maola asanu pa vidiyo ndi kutentha kwa kunoku, laputopu imayamba kulira kenako n'kuzima yokha. Kwera ku Blantyre dzulo lake, upeze chipinda chokhala ndi jenereta kapena sola. Tenga ma SIM awiri, Airtel ndi TNM, onse uthiremo bandulo. Nthawi ya Cape Town ndi yathu yomweyi, koma ona bwino kalatayo, wofunsa wina akhoza kukhala ku Seattle, ku America, komwe kuli likulu la Amazon. Pa coding usakhale duu, uzilankhula zomwe ukuganiza ukulemba. Funso likapanda kumveka, funsa, samachotsera malikisi.

Wamapampu, Nchalo: Takhuta nonse. Za chilolezo ndiwalembera mawa. Ndani angandiyese Loweruka, akhale ngati Bar Raiser wankhanza?

Mayi Injiniya, Ngabu: Ine. 3 koloko masana, ndipo mukangoti "tinachita" ndikudula foni.