Ndinasiya nyama koma mapazi akuchita dzanzi, ndithandizeni

Membala wosatchula dzina:
Moni nonse, admin chonde musaike dzina langa poti alamu anga ali momwe muno. Ife pakhomo tinasiya nyama amuna anga atapezeka ndi BP, tinangogwirizana tokha. Koma chiyambireni mtendere ndilibe, apongozi akabwera kuchokera ku Dedza amayamba atsegula fuliji asanakhale pansi kenako nkuimbira ana awo onse kuti ndikumupha mwana wawo ndi njala, chonsecho ndine amene ndimadzuka 4 koloko kutereka nyemba pa mbaula makala akudula chonchi. Pa Khirisimasi anabwera ndi nkhuku yamoyo nkuimangirira pa mwendo wa mpando pakhonde ati tione ngati simuipha. Alamu ajanso ndinawatengera ndalama ku banki mkhonde mpaka lero zii. Ndiye vuto langa ndi loti ndikumatopa kwambiri, ndikaimirira chizungulire, mapazi amachita dzanzi ngati ndawakhalira. Ndizidya chani kuti mphamvu zibwerere osabwerera ku nyama?

Bambo Chamwamba:
Mayi musabwerere mmbuyo!! Thupi likuchotsa poizoni wa nyama ameneyo. Ine zaka 9 nyama sindiidziwa ndipo kuchipatala sindipondako. Supuni imodzi ya ufa wa chamwamba mu phala mmawa uliwonse basi, zonse zili mmenemo. Danieli ndi anzake anadya zamasamba ndi madzi masiku 10 nkuoneka onenepa kuposa odya za mfumu.

NaMbewe:
Asisi ndifunse kaye, mazira ndi mkaka mumadya kapena munasiya zonse? Ndipo munasiya liti? Yankho lili pamenepo.

Phiri wa ku Joni:
Kkkk ine ndikufuna ndidziwe nkhuku ija inatha bwanji

Membala wosatchula dzina:
Anabwerera nayo pa minibasi, mpaka pano sandiyankha moni.

Che Jafali:
Bwanji osangodya usipa? Usipa si nyama. Umadyedwa ndi minga yomwe ndiye mafupa amalimba, agogo anga ku Mangochi anafika zaka zambirimbiri ndi usipa womwewo.

Bambo Chamwamba:
Che Jafali chili ndi maso ndi magazi ndi nyama basi. Musawasokoneze mayiwa. Pitani mukaone a Adventist, Malamulo ku Thyolo alipo kuyambira 1902 ndipo nkhani yodya bwino anayamba kale kuiphunzitsa.

Mai a Tadala:
A Chamwamba inenso ndine wa Sabata koma ambiri mwa ife mazira ndi mkaka timadya, enanso nyama amadya ndithu. Musatiike mmawu. Mayi anga anasiya zonse atamva ulaliki wina, tsiku ndi tsiku nsima ya ufa woyera ndi kabichi, tinangoona manja ayera mbee mpaka anakawaonjezera magazi kuchipatala, tinavutika kusaka opereka magazi usiku ine ndili ndi mayeso mawa lake. Kusiya nyama sikutanthauza kudya kabichi yekha. Sinthanitsani nyemba, nandolo, khobwe, nzama, soya pieces, masamba otendera ndi nsinjiro, komanso mgaiwa osati woyera yekhayekha.

Gogo Nasibeko:
Atsikana a masiku ano. Apongozi ndi mayi ako, ukanaipha nkhukuyo nkuwaphikira iwo okha chikanavuta chani? Ulemu sugula.

Bambo Chamwamba:
Gogo ndiye aphike chinthu chomwe akudziwa kuti nchoipa? Matenda onsewa a shuga ndi BP abwera ndi nyama. Amene akufuna ufa wa chamwamba inbox.

Phiri wa ku Joni:
Ohoo kani ndi bizinesi

NaMbewe:
A Chamwamba chamwamba ndi ndiwo yabwino sindikukana koma musawanamize anthu. Ine ndine namwino. Pali vitamini B12 amene sungamudalire kuchokera mmasamba, amapezeka mu nyama, nsomba, mazira ndi mkaka. Chiwindi chimamusunga kwa zaka ndiye munthu amaona ngati zonse zili bwino, akatha ndi pomwe pamayamba kutopa, kuiwalaiwala ndi dzanzi mmapazi, ndipo ukachedwa mitsempha imaonongeka osabwereranso. Amene sadya chilichonse chochokera ku nyama amayenera kumwa mapilitsi ake, akawathera kwambiri mthupi amabayidwa jakisoni. Komanso dzanzi limabwera ndi shuga, ndipo mankhwala a shuga aja a metformin nawonso amatsitsa B12. Asisi pitani akakuyezeni magazi ndi shuga sabata ino, musadikire.

Esnart wa ku Leeds:
Kuno mkaka wa soya wambiri amauthira kale B12, kwathuko muziwerenga pa paketi osangoganiza. China chomwe ndinaphunzira, tiyi musamamwe pamodzi ndi chakudya amatchinga ayironi wa mu nyemba ndi bonongwe, dikirani ngakhale ola limodzi. Mmalo mwake finyirani ndimu pa ndiwo kapena mumwe madzi a malambe, gwafa naye amathandiza. Eee malambe ndawasowa bwanji.

Bambo Chamwamba:
Mapilitsi mapilitsi, anamwino ndi zomwe mumadziwa. Makolo athu ankamwa mapilitsi?

Che Jafali:
Makolo athu ankadya mbewa, ngumbi ndi mphalabungu bwana

Bambo Chamwamba:
Inu nkhani ya usipa yakukanikani mwayamba za mbewa. Ine ndanena ndanena.

Membala wosatchula dzina:
Zikomo nonse. Gogo Nasibeko simukuwadziwa apongozi angawa ndi chifukwa mukutero. Kuchipatala ndiyesetsa koma mzere wake umatopetsa ndi khanda kumsana, bambo ake amakhala ali kuntchito.

NaMbewe:
Khanda? Asisi mukuyamwitsa osanena? Mwana amatenga B12 kuchokera mmkaka wanu, ngati mwa inu watha ndiye kuti nayenso akuperewera ndipo kwa mwana zimakhudza ubongo. Mupite mawa limeneli nonse awiri, muwauze a ku sikelo zomwe mumadya. Mwanayo ali ndi miyezi ingati? Ndipo simunandiyankhebe, mazira mumadya kapena ayi?