Kodi njira zitatu zokha n'zokwanira kupambana mu College Football 25?

Mlendo_wa_ku_Ohio: Moni nonse. Ndinagula College Football 25, gemu ya pakompyuta ya mpira wa ku America wa m'makoleji, itangotuluka mu Julaye 2024, ndipo ndakhala ndikusewera Dynasty (pomwe umatsogolera timu kwa zaka zingapo) ndi timu ya Toledo pa mlingo wovutirapo wa All-American. Pamene ndinkayesa njira zonse zosewerera za m'buku la timuyi ndinkagonja kawirikawiri, koma chisankhireni njira zitatu zokha, zomwe ndi Four Verticals (kuponya mpira wautali), Inside Zone (kuthamanga ndi mpira kudzera pakati) ndi Mesh (olandira mpira awiri amadutsana pakati), ndapambana masewero 7 motsatizana. Pa down yachinayi, yomwe ndi mwayi womaliza mwa mipata inayi yopitira patsogolo mayadi 10, sindibweza mpira kwa adani ngati kwatsala mayadi ochepera 4. Kodi ndikusewera mwanzeru, kapena ndangopeza pofooka pa kompyuta?

Bambo_a_Tadala: Achimwene, zimene mwapezazo zili ndi chifukwa chake. Kompyuta ikaima mu chitetezo cha Cover 3 imasiya anthu atatu kumbuyo, pamene Four Verticals imathamangitsa olandira mpira anayi molunjika kutsogolo, choncho mmodzi mwa awiri a m'katiwo amatsala wopanda womuyang'anira, ndipo ntchito yanu ndi kungoona kumene safety (woteteza wa kumbuyo kwenikweni) wapendekera n'kuponya mbali inayo. Oteteza akayamba kubwerera m'mbuyo poopa mpira wautali, pakati pamapepuka ndipo Inside Zone imayamba kupereka mayadi 5 kapena 6 mosavuta. Kumbukiraninso kuti mu mpira wa m'makoleji osewera amasiyana liwiro kwambiri kuposa mu Madden, gemu ya mpira wa akatswiri, moti wolandira mpira mmodzi wothamanga kwambiri amatha kugwetsa timu yonse. Ine ndinkachita zomwezi mu NCAA Football 14 ya 2013, imene tinaisewera kwa zaka 11 podikira gemu yatsopano, ndipo mfundoyi sinasinthe: njira imene mukuidziwa bwino mumaiwerenga msanga quarterback (woponya mpira) asanagwetsedwe.

Nachisale: Ndikugwirizana ndi Bambo a Tadala, koma pang'ono chabe. Kwezani mlingo kufika pa Heisman, womwe ndi wovuta kuposa yonse, ndipo mudzaona kuti mpira wautali umene mumaudalirawo uyamba kugwidwa ndi adani, chifukwa Four Verticals imafuna nthawi yomwe otchinjiriza woponya mpira a timu yaing'ono ngati Toledo sangakupatseni akakumana ndi matimu amphamvu a mu ligi ya SEC. Palinso Wear and Tear: mukamapatsa wothamanga mmodzi mpira maulendo 30 pa sewero lililonse, thupi lake limaphwanyika ndipo pofika kumapeto kwa chaka amakhala atafooka. Mukadzapita ku Kyle Field, bwalo la Texas A&M lomwe EA Sports, kampani yopanga gemuyi, inaliika pa nambala 1 pa mabwalo ovuta, mizere yosonyeza kothamangira imagwedera ndi phokoso la ochemerera, ndipo kusintha njira pa mzere kumavuta. Apo ndivomereze kuti njira zoloweza pamtima zimathandiza. Koma munthu amene mukusewera naye pa intaneti amadziyendetsera yekha linebacker (woteteza wa pakati), ndipo akaona Mesh kachitatu amakhala ataima kale pamene mukufuna kuponya.

Mlendo_wa_ku_Ohio: Zikomo kwambiri nonse awiri. Mayi Nachisale, ndayesa Heisman usiku wathawu ndipo mpira wanga unagwidwa katatu theka loyamba lisanathe. Ndiwonjezera RPO imodzi (njira yosankha kuthamanga kapena kuponya sewero litayamba kale) ndi screen (mpira waufupi kwa wosewera amene ali ndi omutchinjiriza) yolangira amene amakonda blitz (kuthamangira woponya mpira ndi oteteza ambiri), komanso ndiyamba kusinthanitsa othamanga awiri. Za down yachinayi zokha sindisiya, pokhapokha ngati ndili kumbali yanga ya bwalo.