Carina ikungotuluka yofiira psuu: ndigule fyuluta ya SII kapena vuto ndi ine?

Abale anga pagulu pano, ndithandizeni nzeru ndisanataye ndalama.

Ndili ku Lilongwe, ndimajambula zinthu za kuthambo kuseri kwa nyumba. Telesikopu ndi yaing'ono ya f/6, kamera ndi ya kala, ndipo fyuluta ndili nayo imodzi yokha, dual-band ya 7 nm (kukula kwa mpata wolowera kuwala) yomwe imalowetsa mitundu iwiri yokha ya kuwala: Ha (kuwala kwa hydrogen) ya pa 656 nm ndi OIII (kuwala kwa oxygen) ya pa 500 nm. Mvula itangosiya mu Epulo ndinachezera masiku anayi pa Carina Nebula, mtambo wa mpweya wa kutali kuthambo, udzudzu ukundidya m'mapazi, mpaka ndinasonkhanitsa maola 9. Nditaphatikiza zithunzizo mu pulogalamu ya pa kompyuta ya Siril, mtambo wonse unangoti psuu. Buluu akungosuzumira pang'ono pafupi ndi kachigawo ka mtambowo kotchedwa Keyhole. Mayi a kunyumba atachiona anandifunsa ngati ndinakajambula moto wolusa kutchire.

Chimene ndikufuna ndi golide ndi buluu uja wa pa chithunzi cha Pillars of Creation chomwe telesikopu ya Hubble inajambula mu 1995. Mu Julayi Eagle Nebula, komwe kuli Pillars zimenezo, imadutsa pamutu penipeni kuno, ndiye sindikufuna mwayi undiphonye. Kodi ndigule fyuluta ina ya SII (kuwala kwa sulfur) ndi OIII, kapena ndisinthe yanga ndi ya mpata wochepa, ya 3 nm? Ndalama ikukwana chimodzi chokha.

Yankho loyamba

Achimwene, fyuluta yanu ilibe mlandu. Pa kasanjidwe ka mitundu ka Hubble palette, komwe amakatchanso SHO, SII amaikidwa pa chofiira, Ha pa chobiriwira, OIII pa buluu. Inu SII mulibe, ndiye SHO yeniyeni simungaipeze ngakhale mutakoka ma slider mpaka kutacha. Koma kufiira mukudandaulako kwachokera kwina. Ha ndi wamphamvu kwambiri kuposa OIII, ndipo mukazikoka limodzi wamkuluyo amameza mnzake. Mu Siril momwemo muli script yolekanitsa Ha ndi OIII. Lekanitsani, OIII mumukoke payekha mpaka afanane ndi Ha, kenako Ha aikeni pa chofiira, OIII pa chobiriwira ndi buluu. Imeneyo ndiye HOO. Carina ili ndi OIII wambiri pakati pake, mudabwa nokha. Yesani kaye zimenezi pa maola 9 muli nawo kalewo, n'zaulere.

Yankho lachiwiri

Ine ndinene zosakomera. Sungani ndalamayo, muonjezere, mudzagule kamera ya mono, yojambula popanda mitundu. Pa kamera ya kala, mwa ma pixel anayi alionse limodzi lokha ndiye lofiira. SII ali pa 672 nm, naye ndi wofiira, ndiye agwera pa pixel limodzi lomwelo, chonsecho ndi wofooka kale. Mudzachezera usiku wonse n'kukolola phokoso lokhalokha.

Woyamba uja wabwereranso

Mono ndi yabwino, sitikukana, koma muwauzenso za filter wheel (chosinthira mafyuluta) ndi mafyuluta atatu. Munthu wanena kale kuti ndalama ikukwana chimodzi. Ya SII ndi OIII ili ndi phindu lomwe anthu amaiwala: OIII mukumutola kawiri, pa fyuluta zonse ziwiri. Kungoti pa SII muziwerengera nthawi yochuluka kuposa ya Ha.

Wofunsa

Zikomo akuluakulu. Nanga za 3 nm? Aneba ali ndi getsi la security loyang'ana kwathu, ndipo mwezi ukawala OIII wanga amangoti mbuu.

Yankho lachitatu

Ya 3 nm imadetsa thambo bwino, nyenyezi zimachepa thupi, ndipo pa f/6 mulibe nkhawa. Amene amalira nayo ndi a matelesikopu a f/2, chifukwa kuwala kukalowa mopendekera kwambiri fyuluta imaphonya mzere wake. Koma mtundu watsopano siikupatsani, mudzakhalabe ndi Ha ndi OIII omwewo. Mwezi umavutitsa OIII kuposa Ha, ndiye masiku a mdima muziwasungira OIII. Ndipo musachedwe, ukafika Seputembala utsi wa moto wa m'tchire ndi fumbi zimaphimba thambo. Za getsilo, pitani mukapereke moni kwa aneba, muwaonetse Saturn pa telesikopu. Ine anga amazimitsa okha masiku ano.

Yankho lachinayi

Pepani ndilowerere. Bwanji mukuthamangira mitundu yopeka? Hydrogen amawala mofiira ndithu, chithunzi chanucho chili pafupi ndi zoona kuposa golideyo.

Yankho lachitatu lomwelo

Zoona bambo, koma SII ndi Ha onse ndi ofiira, diso silingawasiyanitse. Kuwapatsa mitundu yosiyana n'kumene kumaonetsa pomwe pali sulfur ndi pomwe pali hydrogen. Ndikuchenjezeni wofunsa: SHO yanu yoyamba idzatuluka yobiriwira ngati ndiwo zamasamba, nyenyezi zili pepo. Musadzakhumudwe. Chotsani nyenyezi ndi pulogalamu ya StarNet, chepetsani chobiriwiracho, kenako bwezeretsani nyenyezi zojambula popanda fyuluta, za masekondi 30 zimakwana.

Wofunsa

Ndangomaliza kulekanitsa monga munanenera achimwene. Buluu watulukadi, pakati ponse pa mtambo! Vuto latsopano ndi lakuti nyenyezi zowala kwambiri zazunguliridwa ndi mphete pa OIII. Zimenezi zimachotsedwa pa kompyuta, kapena ndiyambe ndasuntha fyuluta kuitalikitsa ndi sensa?