Ndithandizeni pa nkhani ya siponji ya m'nyanja ndi mmene imakokera madzi

Anzanga ophunzitsa sayansi, ndagwira njakata. Ndikukonza phunziro la mbiri ya mmene akatswiri anadziwira kuti siponji ya m'nyanja ndi nyama. Ana anga akangomva dzinali amaganiza za chinkhupule chosambira chija chimayanga pampanda, chomwe n'chomera ndithu.

Zina ndazimvetsa. Aristotle ankaiika pakati pa zomera ndi nyama. Mu 1765 John Ellis anaona madzi akuyenda m'mabowo ake, koma ankaganiza kuti amalowa ndi kutulukira pabowo limodzimodzi. Robert Grant wa ku Edinburgh, yemwe anaphunzitsako Charles Darwin, ndiye anaonetsa cha m'ma 1825 kuti madzi amalowera m'timabowo ting'onoting'ono tapakhungu n'kutulukira pamabowo akuluakulu. Dzina loti Porifera, lomwe ndi dzina lasayansi la gulu lonse la masiponji, analipereka ndi iyeyo mu 1836.

Pamene pandivuta ndi apa. Siponji ilibe mtima kapena m'mimba, ndipo chimene chimakoka madziwo ndi maselo okhala ndi kamchira kamene kamagwedezeka mosalekeza. Kodi Grant anaiona michirayi ndi maikulosikopu yake, kapena anangoganizira kuti ilipo? Henry James-Clark anafanizira maselowa ndi tizilombo ta selo limodzi mu 1866, ndiye pazaka 40 zapakatizo anthu ankati chikukankha madzi n'chiyani?

Komanso m'nyanja ya Malawi muli siponji yotchedwa Malawispongia. Alipo anaionapo pamiyala, kaya ku Cape Maclear kapena ku Nkhata Bay? Ndikufuna chithunzi choonetsa mabowowo bwinobwino, chifukwa chojambula changa chapabolodi ana anachiseka kuti chikuoneka ngati chitumbuwa.