Mphaka wanga waonda ndipo wa aneba anafa ndi leukemia, ndithandizeni

Amake Dalitso: Muli bwanji nonse m'gulu muno. Chonde ndithandizeni, mutu wanga sukugwira. Ndimakhala ku Kabwata mu Lusaka pa yadi ya mabanja anayi, mpopi umodzi. Ndili ndi mphaka wamwamuna, dzina lake Kambuku, wa zaka ngati zitatu. Ndinamutenga chifukwa makoswe ankandibowolera thumba la ufa, ndipo chibwerereni iyeyu ndimagona tulo. Koma mwezi uno wa Seputembala waonda, nthiti zikuchita kuwerengeka, kapenta amene ankalimbirana ndi ana akungomununkhiza n'kuchokapo, m'kamwa mukutuluka fungo. Ndiye dzulo aneba akundiuza kuti mphaka wawo uja anafa mu Juni, dotolo wa ziweto anati ndi leukemia. Miyezi yonseyi anangokhala chete! Anthu omwewa ndi amene amataya madzi otsukira mbale pakhomo panga, ndikadandaula kwa alandilodi ndimaoneka wovuta ndine. Alandilodiwo akwezanso renti, akuti mphaka ndi waufiti ndimuchotse, apongozi anga nawo nyimbo ndi yomweyo. Kodi matendawa ana anga angatengere? Wamng'ono amagona naye pamphasa. Nanga ndimupatse chiyani? Panado ndili naye m'nyumba.

A Mwale: MUSAMUPATSE PANADO. Chiwindi cha mphaka sichitha kugaya paracetamol, piritsi limodzi la 500 mg likhoza kumupha. Nkhope imatupa, nkhama zimada, amabanika. Ndipo amayi, mwalemba za renti ndi apongozi koma zofunika simunanene. Kambukuyo ndi wofula? Amagona panja? Anabayidwapo katemera wanji? Vuto la mu Lusaka muno ndi limeneli: anthu amaweta amphaka aamuna osafula, usiku wonse ali pamalata kumenyana, kenako n'kumadabwa.

Amayi Tembo: Amake Dalitso, mtima m'malo. Kachilombo koyambitsa leukemia ya amphaka, kotchedwa FeLV, n'ka amphaka okha. Munthu satenga, galu satenga. Mwana wanu alibe chiopsezo pa zimenezi. Chimene muyenera kufufuza poganizira ana ndi katemera wa chiwewe, ngati Kambuku analandira.

A Mwale: Inde, koma mphakayo akanakhala wofula komanso wa m'nyumba sitikanafika kuno. Mphaka wosafula amayenda mayadi ambiri kusaka akazi, ndipo akabwera ndi khutu long'ambika dziwani kuti malovu a mnzake alowa m'magazi mwake.

A Daka: A Mwale, mukusakaniza matenda awiri. Amene amafala kwambiri polumana ndi FIV, kachilombo kena ka amphaka kofooketsa chitetezo cha thupi. FeLV imathanso kulowa pabala, zoona, koma njira yake yaikulu ndi yaubwenzi: kunyambitana, kudyera mbale imodzi, kumwera pamodzi tsiku ndi tsiku kwa milungu kapena miyezi. Kachilomboka kamachuluka m'malovu. Njira ina ndi make kupatsira ana ali m'mimba kapena poyamwitsa. Tsono pa yadi ya mpopi umodzi, pamene amphaka onse amamwa m'beseni lomwelo n'kumaothera dzuwa pamodzi akunyambitana makutu, mphaka wofatsa amene sanamenyanepo akhoza kutenga.

A Mwale: Ndiye mukufuna kunena kuti asafule?

A Daka: Afule ndithu. Ndikungoti kufula kokha sikutseka njira ya mbale.

Anaphiri: Zotsekera mphaka m'nyumba n'zosatheka kwa ambiri. Chipinda chimodzi kapena ziwiri, chitseko chotsegula tsiku lonse chifukwa cha kutentha, ndipo ntchito ya mphakayo ndi makoswe a kuseri. Chotheka n'chakuti azidya yekha m'nyumba, mbale ichotsedwe akamaliza, madzi ake akhale mkati, ndipo dzuwa likalowa atsekeredwe mpaka m'mawa, pakuti ndewu zambiri ndi zausiku. Kusiya mbale ya nsima ndi mitu ya nsomba pakhonde n'kuitana amphaka a komboni yonse.

A Mwale: N'zotheka, ndi ulesi chabe. Sefa ya waya pazenera, beseni la mchenga lochitiramo chimbudzi pakona, basi. Amene sangakwanitse asawete.

Achimwene Lungu: Nonse mwathamangira leukemia koma palibe wapima. Amayi, tukulani mlomo wa mphakayo muone nkhama. Zikhale zofiirira bwino. Ngati zayera ngati pepala ndiye magazi achepa, koma zochepetsa magazi n'zambiri: nthata zikachuluka, tizilombo ta m'magazi, ngakhale poizoni wa makoswe amene anthu amathira m'mayadimu, mphaka akadya khoswe wofa naye. Fungo la m'kamwa lingakhale dzino lowola kapena impso. Poyang'ana ndi maso palibe angadziwe.

Amayi Tembo: Achimwene anena zoona. Kupima kwake n'kosavuta. Dotolo amatenga madontho ochepa a magazi pamwendo, n'kudontheza pa kachipangizo kokhala ngati kopimira malungo, pakatha mphindi pafupifupi 10 zotsatira zatuluka, ndipo kawirikawiri kamapima FeLV ndi FIV pamodzi. Mungapite kusukulu ya madotolo a ziweto ku yunivesite ya UNZA pa Great East Road kapena kuchipatala china cha ziweto, koma yambani mwafunsa ngati zopimirazo zilipo musanawononge ndalama ya basi. Kachilombo ka FeLV kamatenga masiku ngati 30 kuti kaoneke m'magazi. Popeza wa anebayo anafa mu Juni, nthawi imeneyo yakwana kale. Akapezeka nako, pemphani kuti atsimikizenso ndi kupima kwina, chifukwa amphaka ena thupi limakagonjetsa kapena kukapanikiza, pomwe ena kamakhazikika m'mafupa momwe magazi amapangidwa. Otsirizawa ndi amene amafalitsa kwambiri ndipo ambiri sapitirira zaka zitatu.

A Sakala: Ine nkhani yanga ndi katemera. Anthu akugula mabotolo mumsewu n'kumabaya okha. Katemera amasungidwa pa madigiri 2 mpaka 8, ndipo ndi kuzimazima kwa magetsiku botolo limene lafunda tsiku lonse ndi madzi chabe. Funsani kuti firiji yawo imayendera chiyani magetsi akapita. Wa FeLV amabayidwa kawiri, motalikirana milungu itatu kapena inayi, kenako wina pakatha chaka. Musaganize kuti wa chiwewe uja amateteza zonse.

A Mwale: Katemera kwa mphaka wodwala kale n'kutaya ndalama. Sachiza. PIMANI KAYE.

A Sakala: Ndani wanena kuti amachiza? Muziwerenga musanayankhe, bambo.

Anaphiri: Musatayenso mbale ndi mabulangete. Kachilomboka kunja kwa thupi sikachedwa kufa, pouma ndi maola ochepa chabe. Sopo ndi madzi otentha n'zokwanira, kapena Jik kapu imodzi m'makapu 32 a madzi, mutsukuluze bwino.

Amake Dalitso: Zikomo nonse, mtima watsikako pa za ana. Kambuku si wofula ayi, amagona panja, katemera ndi wa chiwewe yekha. Nkhama ndaona, zayera ndithu. Nanga kamwana kamphaka aka ndikatani? Dalitso anakatola ku Soweto Market milungu itatu yapitayo, kangakhale ka miyezi iwiri. Kamadyera mbale imodzi ndi Kambuku, ndipo iye amakanyambita ngati make.

A Mwale: Amayi inu! Zimenezi ndiye munayenera kuyambira! Mphaka wachilendo salowa m'nyumba osapimidwa, ndanena kangati m'gulu muno?

A Daka: Kukalipa kukhale pambuyo, a Mwale. Amake Dalitso, kamwanako ndi kamene kali pangozi kuposa onse. Ana osakwana miyezi inayi akatenga, kachilomboka kamakhazikika mosavuta, pomwe wamkulu thupi lake limalimbako. Alekanitseni lero lomwe: chipinda chake, mbale yake, madzi ake, mchenga wake, asanyambitanenso. Mawa mupite nawo onse awiri, aliyense m'katoni yake yobowola. Kamwana kamapimidwa pa msinkhu uliwonse. Kakapezeka kalibe, musasangalale msanga, kapimidwenso pakatha masiku 30 kuwerengera lero, ndipo za katemera wake mukambirane ndi dotolo mawa lomwelo popeza milungu 8 kakwanitsa. Kambuku ndi nkhama zoyerazo asadikire kumapeto kwa mwezi. Ngakhale atapezeka nako, zilonda za m'kamwa ndi matenda ena olowerapo amachizika, ndipo adzayenera kukhala m'nyumba kuti asapatsire ena. Muwauzenso anebawo kuti ngati ali ndi mphaka wina, nayenso akapimidwe.

Amake Dalitso: Chipinda china ndilibe, koma kubafa kuli chitseko chotsekeka. Ndakaikako ndi katoni ndi chitenje chakale, kakulira.

Amayi Tembo: Kulirako n'kwa masiku awiri atatu. Ikani botolo la madzi ofunda lokulunga m'chitenjemo, tsekani chivundikiro cha toileti, ndipo Dalitso azisamba m'manja akachoka kwa Kambuku asanakagwire kamwanako.