Achinyamata kwathu ku Mulanje aphunzire kuluka malichero kwa mmisiri wachikulire: tiyambe bwanji?

Mwana wa pa Chitakale:

Moni nonse, makamaka inu a ku Mulanje ndi ku Thyolo. Ndithandizeni nzeru.

Kwathu ndi kufupi ndi Chitakale, ngakhale ntchito ndimagwira ku Limbe. M'mudzi mwathu mwatsala munthu mmodzi yekha wodziwa kuluka malichero ndi madengu a nsungwi, bambo wina wachikulire amene ankaluka limodzi ndi malemu agogo anga aamuna. Kale ankalukanso madengu obereka kumsana aja othyolera tiyi. Pano maso ayamba kuvuta, koma manja akadali bwinobwino. Akakhala pansi pa mango, chidutswa cha tayala chili pabondo, amapala nsungwi osaiyang'ana n'komwe. Chala chachikulu ndicho chimawauza kuti apa pakadali pokhuthala. Lichero lawo ngakhale mupetere mawere, palibe kambewu kodutsa pansi.

Ana awo onse ali kutali, wina ali ku Joni. Anyamata a m'mudzi amene sali pa kabaza ali pa ganyu ku esiteti. Amayi anga amadandaula kuti bambowa akadzangoti gone, lichero lenileni tizikalisaka kumsika kwa anthu a kutali, poti beseni la pulasitiki silipeta.

Ganizo langa ndi loti Loweruka lililonse masana achinyamata angapo azikakhala nawo pakhonde, aziphunzira ndi manja awo, osati zongouzidwa pakamwa. Nditawatchulira anaseka, nati ana a masiku ano sachedwa kutopa, koma sanakane.

Chikundivuta kwambiri ndi malipiro. Munthu wamkulu chonchi timamupatsa bwanji ndalama popanda kuoneka ngati tamusandutsa waganyu? Nsungwi nazo zavuta, chifukwa namondwe wa Freddy mu Marichi 2023 anakokolola zitsinde zambiri m'mbali mwa mtsinje wathu, ndipo zotsalazo eni ake akugulitsa. Palinso ana aakazi a achemwali anga amene akufuna kulowa nawo, koma anthu ena akuti nsungwi ndi za amuna, akazi kwawo n'kuumba. Alipo anayesapo zotere?

Kalipentala wa pa Luchenza:

Achimwene, mwaganiza zakupsa. Ine ntchito yanga ndi ya matabwa, koma kuluka ndinaphunzira kwa amalume anga ndili mnyamata, ndiye ndikuuzeni zomwe manja anga akudziwa.

Musathamangire kuluka. Ntchito yeniyeni ya lichero ili pokonza nsungwi. Imafunika yokhwima, ya zaka zitatu kapena kuposerapo. Yanthete imafumbwa msanga, ndipo ikauma imanyala, lichero n'kuchita mipata. Kudula kwake ndi m'chilimwe, madzi atachepa mumtengo. Mukatero mumaing'amba pakati, n'kung'ambanso, kusadza mfundo zonse, kenako kupala mpaka timizere tonse tifanane m'lifupi ndi kupyapyala kwake. Mwana akhoza kutha milungu akungochita zimenezi, zala zitachekekachekeka, lichero osaliona. Ambiri amathawira pamenepa. Muwauziretu tsiku loyamba kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo amene akufuna kubwerera kunyumba ndi dengu tsiku lomwelo asavutike n'kubwera.

Kuluka kwa pakati sikuchedwa kulowa m'mutu. Kamzere kamadumpha ziwiri kapena zitatu, n'kulowa pansi, kotsatira n'kusuntha kamodzi, mpaka maluwa aja ayambe kuoneka. Pamene pamaoneka mmisiri ndi pa mkombero. Cholukacho chimakhala chafulati, ndiye uyenera kuchinyowetsa, kuchikankhira mkati mwa mkombero kuti chichite kuya, osathyola ngakhale kamzere kamodzi. Amalume ankaponda pakati ndi chidendene, manja akukoka m'mphepete mozungulira, akamaliza n'kudula zotsalira, n'kusoka ndi chilambe. Zimenezi ngakhale wina akujambulireni pafoni simungazigwire, mpaka mwendo wanu udziwe mphamvu yoponda nayo. Muwapemphe bambowo adzawatengere anawo kutchire akawaonetse chilambe, chifukwa ambiri pano akusokera ulusi wa matumba a feteleza, ndipo ukapsa ndi dzuwa mkombero umayamba kumasuka.

Za malipiro. Mawu oti "tikulembani ntchito" asatuluke pakamwa panu. Mupite ndi amalume anu kapena mkulu wina wa pabanja, amfumu atadziwitsidwa, m'manja muli kenakake, kaya shuga ndi sopo, kaya nkhuku ngati ilipo. Mukanene kuti tabwera kudzapempha nzeru. Koma ndalama ikhalepo ndithu, musabisale kumbuyo kwa ulemu. Tsiku lomwe akuphunzitsa ndi tsiku lomwe sanaluke za malonda. Muone zomwe amapeza akaluka tsiku lathunthu, inu mupereke zoposerapo, ndipo muzipereka pa nthawi yake osadikira kuti akumbutse, chifukwa munthu wamkulu sangakukumbutseni. Malichero oyamba a anawo akagulitsidwa, gawo lipite kwa iwo.

Gulu lisakule. Anayi kapena asanu akwana, poti munthu wa maso ovuta ayenera kugwira dzanja la mwana aliyense ndi kupapasa ntchito yake.

Mayi a ku Bvumbwe:

Ine ndiyankhe za atsikanazo. Asiyeni aphunzire. N'zoona kuti makolo anagawa ntchito, amuna mphasa, malichero, nkhokwe ndi kusema mitondo, akazi mbiya. Koma amene amadziwa kuti lichero ili ndi labwino ndi ndani? Ndi mkazi amene amapeta mphale tsiku ndi tsiku. Iyeyo ndiye amadziwa kuti likazama kwambiri gaga satuluka, likalemera mikono imawawa. Chachikulu mufunse mwini wake wophunzitsayo. Akalola iwo, a pakamwa enawo atopa okha. Mungoonetsetsa kuti amayi a pakhomopo kapena achemwali anuwo azikhalapo nthawi ya maphunziro, kuti pasadzabuke zokamba.

Ine ndinaphunzira kuumba mbaula za chitetezo pagulu, ndipo m'gulu mwathu muli abambo amene amaumba bwino kuposa ena a ife. Wotiphunzitsa sanabwere ndi bolodi. Anatitengera ku mtapo, n'kutipatsa dothi m'manja kuti tilinyowetse, tilipote ngati chingwe, tilikulunge pachala. Likathyoka ndiye kuti mchenga wachuluka. Dothi labwinolo timalisunga m'dzenje titalikuta ndi pulasitiki pafupifupi milungu iwiri, kenako kuliponda ndi mapazi, kutola timiyala tonse, chifukwa kamwala kamodzi kamang'amba mbaula powotcha. Kuumitsa kwake ndi pamthunzi, pang'onopang'ono. Ukafulumira n'kuiika padzuwa, mawa umaipeza ili ndi ming'alu.

Koma zomwe ndimazinyadira kwambiri sizinali pa pulogalamu. M'gulumo munali anganga ena oumba mitsuko ndi miphika kuyambira utsikana wawo, amene chikombole sachifuna n'komwe. Ndiwo anatiphunzitsa kukulungiza ndi mwala wosalala wa kumtsinje mpaka mphika uchite kuwala, ndi kutsirika mphika watsopano ndi phala la madeya usanaphikemo ndiwo. Zinkangotuluka pocheza, manja ali m'dothi. N'chifukwa chake ndikuti bambo anuwo musawalembere ndondomeko yoti sabata ino izi, sabata yamawa izo. Asiyeni aphunzitse mmene iwo anaphunzirira.

Nthawi yoyambira muiganizirenso. Mvula ikagwa anthu ali kumunda, ndipo tiyi ndi pamene amachuluka, anyamata onse amakhala ku esiteti. Yambani mukakolola, muyende nazo mpaka Okutobala.

Wa kabaza pa Limbuli:

Akulu, sindikutsutsa, koma tinene zoona. Mnyamata asiye njinga Loweruka, tsiku la ndalama, akakhale akupala nsungwi? Madzulo adya chiyani? Ngati mulibe phindu looneka, mudzatsala ndi ana a sukulu okhaokha.

Woperekeza alendo pa Likhubula:

Funso la achimwene a kabazawa ndi lenileni, ndiye ndikambe za msika.

Msika woyamba ndi wa pakhomo pomwepo. Nyumba iliyonse imafuna lichero, ndipo limatha. Pa ukwati, ndalama za pelekanipelekani zimagwera m'lichero. Mkwatibwi popita kubanja amapatsidwa lichero, mthiko ndi chipande. Amayi ogulitsa tomato, nthochi ndi nanazi amafuna madengu. Pa Chitakale, pa Limbuli, pa Luchenza, zimenezi zimayenda chaka chonse. Komanso mu Okutobala pa Chonde pamakhala mwambo wa Mulhako wa Alhomwe, anthu ochokera m'dziko lonse, ovina tchopa, ophika kalongonda. Gulu lanu likafike kumeneko ndi katundu, ngakhale wochepa.

Alendo a kuphiri nawo amagula, koma munthu wokwera ndege sanyamula dengu lothyolera tiyi. Amafuna timalichero ting'onoting'ono, tamphasa ta patebulo, zotchingira nyale. Phiri lathu linalowa m'ndandanda wa UNESCO, nthambi ya United Nations, wa malo a chikhalidwe ofunika padziko lonse mu 2025, ndiye mlendo akafika amafunsa chinthu chopangidwa kuno ndi manja a anthu a kuno.

Pempho langa ndi limodzi. Gululi likadzakula n'kufuna kuyamba zosema, musadzakhudze mkungudza. Ndi mtengo wa fuko la Malawi kuyambira 1984, sumera wokha kwina kulikonse padziko koma paphiri la Mulanje, ndipo kafukufuku wa mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha. Ine ndimadutsa m'zitsa zake ndikamakwera ndi alendo, mtima umawawa. A Mulanje Mountain Conservation Trust ndi a zankhalango akubzala mbande, koma mtengowu umatenga zaka zambiri kuti ukule. Nsungwi ndi ina, ukadula bwino imaphukanso pachitsinde pomwepo. Pemphani malo kwa amfumu m'mbali mwa mtsinjewo, ophunzirawo adzale okha mvula ikayamba. Mizu yake idzagwiranso dothi. Pakadali pano mugule, palibe kuchitira mwina, koma bambowo ndiwo akasankhe yodula.

Mwana wa pa Chitakale:

Zikomo kwambiri nonse. Bambo a pa Luchenza, zopita ndi amalume zija ndachita kuzilemba, ndipo ndalama ndiziisiya kwa amayi kumudzi kuti isamachedwe ine ndikakhala ku Limbe. Mayi a ku Bvumbwe, achemwali avomera kuti azikhalapo, ndipo akuti nawonso agwira mpeni.

Achimwene a kabaza, mwanena zoona, Loweruka ndalichotsa. Tiika Lamulungu masana anthu akaweruka kutchalitchi. Ndipo ngati oyamba adzakhale ana a sukulu, ine sindidandaula, chifukwa bambowo nawonso anayamba asanamere ndevu. Sindikulonjeza aliyense kuti lichero lidzamugulira njinga yamoto. Koma mnyamata amene amatha kuluka akhoza kukhala pakhonde miyezi yomwe ku esiteti kulibe ganyu, n'kupeza ya sopo ndi ya ndiwo. Zikadzakhazikika ndidzapita kwa a TEVETA, bungwe loona za maphunziro a ntchito zamanja, kukafunsa ngati angatithandize mbali ina.

Kafunso komaliza: mipeni ndigule yotani? Ndimaganiza zotenga ya kukhitchini ku Limbe konkuno.

Kalipentala wa pa Luchenza:

Ya kukhitchini ayi, achimwene. Ndi yopyapyala, imapindika pa mfundo ndipo ikaterereka imadya chala. Pitani kwa osula makasu ndi nkhwangwa pamsika, akusulireni yaifupi, yokhuthala kumsana, ya chigwiriro cha mtengo. Chikwanje chakutha kapena chitsulo cha sipuling'i ya galimoto chimatulutsa mipeni yabwino. Mutenge mpeni wa bambowo ukhale chitsanzo, ngati angalole kuti uchoke pakhomo. Aliyense akhale ndi wake, ndipo Lamulungu loyambalo lithere pa mwala wonolera.