Bugweed tadula waphukiranso, tikulakwitsa pati?

Wa ku Yeoville: Abale amene mumadzipereka kusamalira tinkhalango ta muno mu Johannesburg, monga The Wilds kapena Melville Koppies, tithandizeni. Bugweed ndi black wattle, mitengo yachilendo yolanda malo a zomera za konkuno, zikadulidwa, pakangopita miyezi iwiri chitsa chimodzi chimatulutsa mphukira zambirimbiri. Zimafa bwanji zimenezi?

Mlimi wa ku Rosettenville: Achimwene, kudula kokha n'kutengulira, mtengo umabwera ndi mphamvu zina. Dulani ndi sowo pansi penipeni, chitsa chisapitirire masentimita 10, ndipo pamwamba pakhale posalala. Chikwanje chimang'amba chitsa, mankhwala n'kumatayikira pansi. Mukangodula pakani mankhwala opha zomera okhala ndi triclopyr, osadikira kuti mumalize mzere wonse, chifukwa bala likauma mankhwala salowa. N'chifukwa chake muziyenda awiriawiri, wina wodula, wina wa bulashi. Pakani makamaka m'mbali, pamene khungwa lakumana ndi thabwa, ndi momwe mumadutsa madzi a mtengo. Thiranimo utoto kuti muziona zitsa zomwe mwapaka kale, ndipo muyezo tsatirani wolembedwa pabotolo. Kukachita mitambo ya mvula, lekani.

Bugweed wamng'ono ingozulani nthaka ikanyowa. Koma valani magolovesi, malaya a manja aatali ndi chotseka pamphuno. Masamba ake ali ndi tiubweya toyabwa, tikalowa kukhosi mutsokomola tsiku lonse. Zipatso zake zachikasu zija thyolani kaye muike m'thumba, mbalame ndi zomwe zimamwaza njere.

Mayi a ku Turffontein: Zoona bambo. Koma pa wattle nkhondo yeniyeni ili m'dothi. Njere zake zimakhala zaka makumi angapo zili zamoyo, ndipo moto wa m'nyengo yozizira ukadutsa zimamera ngati nazale. Malo amene mwalambula muziwabwerera mvula ikayamba mu Okutobala, n'kumazula mbande zisanafike m'bondo. Chaka chimodzi sichikwana. Komanso musayambe popanda chilolezo cha Johannesburg City Parks and Zoo, bungwe la mzinda loyang'anira mapaki, kapena oyang'anira malowo, makamaka pa nkhani ya mankhwala.

Mlimi wa ku Rosettenville: Mwandikumbutsa mayi. Nkhuni zisamachoke pamalopo chisawawa. Muno muli kachilombo koboola ndi kudwalitsa mitengo kotchedwa shot hole borer. Mukaona timabowo ngati nsonga ya bolopeni, tili ndi utuchi kapena madontho onyowa pakhungwa, mtengowo musaunyamule kukawotchera nyama kwanu, mukapatsira mitengo ya mumsewu wanu. Auzeni oyang'anira.

Mayi a ku Turffontein: Pamene patsala dazi bzalanipo mitengo ya konkuno, white stinkwood, karee kapena wild olive, imapirira chisanu cha Juni ndi Julaye. Dzenje masentimita 50 mbali zonse, madzi ndowa ya malita 20 sabata iliyonse mpaka mvula itakhazikika. Udzu wouma yalani mozungulira koma usakhudze tsinde, lingaole.